Mwana Amene Ndinamuphunzitsa Kusayankha

Ndinaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka zambiri pa kasukulu kena ka ku Masongola, m'munsi mwenimweni mwa phiri, ndipo aliyense amene anadutsa m'manja mwanga akudziwa kuti ndine wa mtima wapachala. Sindikukana. Ana oposa makumi asanu m'chipinda chimodzi, wina akulira, wina akufuna kukataya madzi, wina akutafuna choko, ukapanda kukhala ndi mawu akuthwa sufika nawo Lachisanu. Koma pali phunziro limodzi limene ndinaphunzitsa ndi ukali wangawo, limene mpaka lero likandibwerera m'mutu ndimasiya chimene ndikuchita n'kukhala kaye pansi.

Zinayamba ndi utsi. Chaka china kunali ziwonetsero mtauni, ndipo mphepo inanyamula utsi wokhetsa misozi mpaka pabwalo pathu, nthawi ya buleki. Ana anabalalika ngati nkhuku. Ena anadumpha mpanda, ena anatsikira kumsewu waukulu kumene kunali magalimoto ndi anthu othamanga. Awiri a m'kalasi mwanga anakapezeka ku Chirunga, mayi wina wogulitsa mandasi atawabisa pansi pa tebulo lake. Palibe amene anavulala, koma mawu amene makolo anatiuza tsiku lotsatira sindingawalembe pano.

A hedi athu anali bambo odekha, olankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse n'kunena kuti kuyambira pamenepo tiziyeserera zoti tichite pakagwa zoopsa, kuti miyendo ya ana izidziwa yokha kopita mutu ukasokonezeka. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa ndi waya pamtengo wa mango. Likalira mofulumira osalekeza, aliyense alowe pakhomo limene lili pafupi naye, atseke, akhale pansi kutali ndi zenera, akhale chete. Belu limenelo akhoza kuliza wamkulu aliyense amene waona choopsa. Koma belu lotitulutsa, lolira katatu pang'onopang'ono, linali la a hedi okha. Ine ndi amene ndinakakamira mfundo imeneyi pamsonkhanopo. Ndinati aliyense akamaliza, tsiku lina wina adzatulutsa ana choopsa chisanathe.

Tsiku loyamba kuyeserera, zonse zinayenda bwino mpaka pamene a hedi anabwera kudzatiyesa. Chitseko changa chinalibe loko, choncho ndinachitsekera ndi tebulo langa. Ana anali atakhala pansi kukhoma, maso ali tong'o. Kenako panja tinamva kugogoda.

"Odi muno."

"Lowani!" anayankha ana anga onse pamodzi, mokondwera.

A hedi anaseka panjapo. Ine sindinaseke. Ndinachita manyazi, chifukwa kalasi ya pafupi inali itakhala chete. Koma ndikanawaimba mlandu wanji? Mwana wa kwathu kuno amayamba kuphunzira kuyankha asanadziwe n'komwe kumanga nsapato. Wamkulu akaodira umavomera. Akakuitana umati wawa, ngakhale uli ndi chakudya m'kamwa. Mwana wosayankha amatchedwa wamwano, ndipo amanyozetsa amayi ake. Ine tsopano ndimafuna kuti asiye zonsezo pakangolira chitsulo.

Pofika ulendo wachitatu, onse anali atazolowera kupatula mmodzi. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wochepa thupi, amene nthawi yozizira ankavala juzi yofiira yomufika m'mawondo. Amayi ake ankagulitsa masitiroberi ndi mabulosi mumsewu wokwera kuphiri, ndipo anamulera mwaulemu mopitirira. Ankagwada popereka kope. A hedi atadziwa kuti ndiye wosavuta kumukola, anasiya kuodira, n'kuyamba kumuitana dzina lake ali kuseri kwa chitseko. Ulendo uliwonse kamawu kake kankamveka m'chipinda chonse.

"Wawa."

Tsiku lina ndinapsa mtima. Belu lotitulutsa litalira, ndinamuimika kutsogolo kwa anzake.

"Iwe uli ndi makutu?"

"Eya, madamu."

"Ndinati chiyani?"

"Munati tisayankhe."

"Nanga bwanji wayankha?"

"Anaitana ndi a hedi, madamu."

"Kaya ndi a hedi, kaya ndine, kaya ndi amayi ako. Ngakhale akuitane akulira. Sutsegula pakamwa, sutuluka, mpaka belu lilire katatu. Tsiku lina udzaphetsa anzako onsewa ndi ulemu wakowo. Wamva?"

Sanayankhe. Anangondiyang'ana, osadziwa ngati funso limenelonso ayankhe kapena ayi. Anzake anaseka. Ndinamuuza kuti akakhale pansi, ndipo ulendo wotsatira a hedi ataitana dzina lake, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinanyadira.

Patapita masabata angapo amayi ake anandipeza pageti, dengu lili pamutu. Anatula dengulo, n'kundipatsa moni wautali.

"A madamu, pepani, ndimati ndifunse. Mwanayu akumalowa pansi pa bedi. Ndikamuitana, zii. Mpaka mkulu wake amenye mbale ndi supuni katatu, ndiye atuluke. Akuti ndi za kusukulu. Ndi zoona?"

"Ndi masewera ophunzirira, mayi. Musadandaule."

"Koma ine mwana wosayankha sindinamuzolowere."

Ndinawauza kuti azolowera. Anandipatsa kambale ka mabulosi, ndinalandira, ndipo nkhaniyo ndinaiiwala.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali la mwezi wozizira. Chifunga chinali chitatsika kuphiri kuchokera m'mawa, moti mitengo ya paini ya kumtunda sinkaoneka. A hedi anali atapita kumsonkhano mtauni. Ana anali atangomaliza kumwa phala, ndipo ndinatuma mtsikana wa juzi yofiira uja kuti akasiye beseni la makapu kukhitchini, chifukwa iye sankataya kanthu panjira. Khitchini yathu inali kashedi ka malata kuseri kwa makalasi, kodzaza ndi nkhuni zimene abambo ena ankatsitsa kuphiri panjinga. Nditamutuma ndinatembenukira kubolodi.

Ndinali pakati polemba pamene belu linayamba kulira mofulumira. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti si kuyeserera. A hedi kunalibe, ndipo kulira kwake kunali kwa munthu amene akumenya chitsulo ndi mantha. Ndinamva mawu a mlonda wathu, bambo achikulire, akukuwa kuti galu wachiwewe walowa.

Ana anachita zimene ndinawaphunzitsa. Anathamangira kukhoma n'kukhala pansi. Ndinakankha tebulo n'kutsekera chitseko, ndipo pamene ndinkatembenuka m'chipindamo munali kale zii. Mazenera athu anali a njerwa zoboola, ndiye ndinasuzumira pa kabowo kamodzi. Ndinamuona. Anali galu wofiirira, wowonda, mutu uli pansi, dovu likutsika kukamwa. Sankathamanga. Ankayenda mokhotakhota pakati pa bwalo, n'kuluma tsache limene wina anasiya pansi, n'kulisiya. Mlonda anali atakwera pa thanki ya madzi.

Ndinayamba kuwerenga ana monga mwa lamulo, ndikugwira mutu uliwonse. Nditafika kumapeto panapereweza mmodzi. Ndinabwereza, ndikudziuza kuti ndalumpha wina. Panapereweza mmodzi. Kenako maso anga anagwera pakona pamene pamakhala beseni la makapu.

Ndinabwerera pa kabowo kaja. Galu uja anali atasiya bwalo, akulowera kuseri kwa makalasi, njira ya kukhitchini.

Ndinagwira tebulo kuti ndilichotse. Mwana wina amene anali pafupi ndi mwendo wanga anagwira chitenje changa n'kupukusa mutu. Ndinayang'ana mitu yonse ija ili pansi. Ndikatsegula, ena anditsatira, chifukwa mwana wa Sitandade 1 amatsatira mphunzitsi wake kulikonse. Galuyo akabwerera apeza khomo lotsegula. Ndikapanda kutsegula, kuseri kuja kuli mwana amene ndamutuma ndekha. Ndinaima pamenepo manja ali patebulo, ndikumvetsera kuti mwina ndimva kukuwa. Sindinamve kanthu, ndipo sindinadziwe ngati zimenezo zinali zabwino kapena zoipa. Sindinatsegule. Ndapemphera kangapo konse m'moyo mwanga, koma pemphero la tsiku limenelo linali la mawu amodzi okha, dzina la mwanayo.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenako kunamveka phokoso la amuna. Abambo a nkhuni aja anali akudutsa ndi njinga zawo, ndipo atamva mlonda akukuwa analowa ndi zikwanje ndi mitengo. Galu anatulukira pa bowo la mpanda cha kumunsi, iwo pambuyo, mlonda naye atatsika pa thanki n'kuwatsatira. Mmodzi wa amayi ophika phala, amene anathawira mu Sitandade 3, anatuluka n'kuyamba kugogoda m'makalasi.

"Watuluka, watuluka, tsegulani."

Tinatsegula. Aphunzitsi tonse tinatsegula, chifukwa cha mawu a munthu, ndipo palibe aliyense mwa ife anaganiza china. Ndinasiya ana anga m'manja mwa mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 2 n'kuthamangira kukhitchini. Chitseko chake chinali chokankhidwa, osatsekeka bwino. Beseni linali pansi, makapu ataikidwa bwinobwino, palibe ngakhale imodzi yogwa. Moto unali utazima. Mulu wa nkhuni unali m'malo mwake, matumba opanda kanthu ali pamwamba. Ndinaitana dzina lake. Ndinaitananso mokweza. Ndinayang'ana kuseri kwa mapoto, n'kutuluka.

Ndinapita kuzimbudzi, ndikutsegula chitseko chilichonse. Ndinasuzumira ngakhale m'mabowo, Mulungu andikhululukire. Ndinafunsa m'kalasi iliyonse ngati analowamo. Amayi ophika anati iwo anali kumpopi akutsuka, sanamuone. Wina anati mwina wathawira kwawo. Wina anati anaona chinthu chofiira chikutsikira kumunsi, koma atafunsidwa bwino anati mwina chinali pepala. Kumunsiko ndi kumene kunapita galu, ndipo kupitirira pamenepo kuli ngalande yakuya yotsikira kumtsinje. Tinayenda m'mbali mwa mpanda tikuitana, ine ndikuyang'ana pansi, ndikufuna magazi ndiponso ndikuopa kuwapeza.

Nkhani ya galu inali itafika kale kumsewu, ndipo makolo anayamba kufika. Aliyense ankagwira wake n'kumuyang'ana miyendo. Amayi a mtsikanayo anafika akuthamanga, opanda dengu, mpango uli m'manja. Anayang'ana ana a Sitandade 1 amene anali pamzere, kenako anayang'ana ine.

"Ali kuti?"

"Tikumufuna, mayi."

"Mukumufuna? Sanali m'kalasi?"

"Ndinamutuma kukhitchini."

Anandisiya pomwepo. Anayamba kuitana. Ndamvapo azimayi akuitana ana awo madzulo, ndamvapo akuitana mokalipa, koma kuitana kwa tsiku limenelo kunali kwina. Anazungulira makalasi onse, analowa m'khitchini, anatuluka, anafika kumpanda, mawu akusweka pang'onopang'ono mpaka kuitanako kunasanduka kulira. Ana anga ena atamva anayamba kulira nawo. Uthenga unabwera woti galu uja waphedwa cha kumunsi, ndipo kuti asanafike kwathu anali ataluma mbuzi ziwiri. Za mwana palibe amene ankadziwa.

Mayiwo anabwerera kwa ine. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanaima chilili kuti andimenye. Koma anangoyandikira, nkhope ili yonyowa, n'kulankhula motsitsa.

"Mwana wanga chibadwire sanandisiyepo ndikuitana kawiri. Mpaka pamene anabwera kwa inu."

Mawu amenewo ndi amene ananditsegula mutu. Ndinakumbukira bedi, mbale ndi supuni. Ndinatembenuka n'kuyang'ana mtengo wa mango. Chitsulo chinali chikulendewera pamalo pake, kabawuti kolizira kali pansi pamene mlonda anakataya. Belu la katatu linali lisanalire. A hedi anali mtauni, ndipo ife tonse, akuluakulu, tinali titatuluka popanda belulo, n'kumathamanga uku ndi uku tikuitana mwana amene ndinamuuza ndekha kuti asatuluke, ngakhale amayi ake amuitane akulira.

Ndinathamangira pamtengopo n'kutola kabawuti kaja. Mphunzitsi wina, mwa chizolowezi chabe, anati, "Koma a hedi..." Ndinamuyang'ana, ndipo sanamalize. Ndinakuwa kuti aliyense akhale chete. Ndinaopa kuti ndiliza mofulumira n'kumubisanso. Ndinamenya kamodzi. Ndinapuma. Kachiwiri. Ndinapuma. Kachitatu.

Bwalo lonse linali chete. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndadzinamiza. Kenako kuseri kwa makalasi kunamveka nkhuni zikugwa.

Mtsikana uja anatulukira pakona akuyenda pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo monga tinkachitira potuluka. Juzi yake inali ndi makungwa ndi phulusa. Anali atadzipanikiza pakati pa mulu wa nkhuni ndi khoma la malata, n'kudzifunda thumba. Pamene ndinaima m'khitchini muja ndikuitana, anali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanamugwira. Diresi yake inali yonyowa kutsogolo. Miyendo yake inali yotupa timadontho tofiira kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo, ndipo linthumbu lina linali likadali pakhungu. M'nkhunimo munali linthumbu, ndipo linamuluma nthawi yonseyo iye ali chete.

Amayi ake anamufikira ine ndisanafike. Anagwada, akumuchotsa linthumbulo ndi manja, akumutembenuza uku ndi uku kufuna bala la mano. Panalibe. Mmodzi wa amayi ophika anafunsa ngati galuyo anafika pomwe anali. Mwanayo anagwedeza mutu kuvomera, n'kuloza kuphazi kwake, kusonyeza pamene galuyo ananunkhiza kuseri kwa nkhuni. Kukhala chete kuja kunamupulumutsa, ndipo zimenezo anthu anandiuza kambirimbiri pambuyo pake pofuna kunditonthoza.

Nditafika pafupi anakweza maso n'kundiyang'ana. Sanali kulira. Mlomo wake wa m'munsi unali ndi zidindo za mano ake omwe.

"Madamu," anatero monong'ona, "lero sindinayankhe."

Ndinawerama kuti ndimumve bwino.

"Ndinakumvani. Ndi amayinso ndinawamva. Koma sindinayankhe. Ndakhoza?"

Ine amene mawu sankandisowa pamaso pa mwana aliyense, ndinangogwada m'fumbi momwemo. Ndinamuuza kuti wakhoza, kuti wakhoza kuposa tonse amene tinali pabwalopo, ndipo zinali zoona. Koma mumtima ndinali ndi manyazi aakulu. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anamva amayi ake akulira dzina lake pafupi pomwepo, linthumbu likumudya, n'kuluma mlomo chifukwa ankaopa ine kuposa zonsezo.

A hedi atabwera tinasintha malamulo. Belu la katatu tinati aziliza mphunzitsi aliyense amene watsala woyang'anira, ndipo chitseko chisatsegulidwe lisanalire, ngakhale wina akuwe bwanji panja. Mfundo yanga ija ndinaichotsa ndekha. Kuyeserera sitinasiye, ndipo sindinafunepo kuti tisiye. Koma sindinaimikenso mwana kutsogolo chifukwa choyankha.

Chimene chimandikhazika pansi si galu, kapena linthumbu. Ndi zimene zinachitika pamene ankanyamuka tsiku lomwelo. Mayiwo anali atavula chitenje chawo chakunja n'kumukulunga nacho kuti anzake asaone diresi. Anaimirira, n'kuyenda masitepe angapo kukatenga mpango umene anagwetsa, kenako anatembenuka n'kumuitana dzina lake mofatsa, monga mayi aliyense amaitanira mwana wake kuti tiye kwathu.

Mwanayo sanayankhe. Anayamba wayang'ana ine.

Mayiwo anaona. Anangoima mpango uli m'manja, akudikira limodzi ndi mwana wawo kuti ine ndilole.

"Yankha," ndinatero. "Ndi amayi ako."

"Wawa," anatero mwanayo, n'kupita kukawagwira dzanja.